Msoko wa Mkati

Ndimasokera pakhonde la sitolo ku Limbe,
makina anga kuseri kwa mayi wogulitsa mazira owiritsa.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tepi ili m'khosi.
Azibusa ndawayeza ambiri:
chifuwa, chiuno, kuchokera paphewa kufika padzanja.
Kumtima kokha tepi yanga siifikako.

Mtumwi Kalipinde anabwera Lachiwiri lina,
anyamata awiri patsogolo, wina atanyamula Baibulo,
wina foni zake zitatu.
Ankafuna suti yoyera mbee.
Anati, matumba a mkati uwakulitse, telala,
ndimayenda ndi zinthu za Mulungu.
Ndinawakulitsa. Polipira anandigwira pamutu
nati chaka chino ugula shopu yakoyako.
Chaka chimenecho ndinagulitsa wailesi kuti ndilipire lendi.

Ukanakhala ulusi wanga wokha ndikanangokhala chete.
Koma Elube, mlongo wanga wodwala shuga,
anapita kutenti kwake ku Chirimba
nabwerako ndi kabotolo ka madzi ka makwacha zikwi zisanu
ndi mawu akuti mapilitsi ndi kuchepa kwa chikhulupiriro.
Anawataya m'chimbudzi akuimba nyimbo.
Masabata atatu. Kenako Kwinzi, wodi ya amayi,
phazi litatupa, litada ngati chinangwa chovunda.
Tinaimba foni zonse zitatu.
Ziwiri sizinkapezeka. Yachitatu anayankha mnyamata:
munthu wa Mulungu ali kuphiri, yambani mwatumiza mbewu.

Amene anabwera sitinawaitane.
Abusa Matewere a ku Bangwe, aafupi, odwala mphumu,
amene buluku lawo ndaliika zigamba kawiri m'mawondo.
Anadzaona wina, pabedi loyandikana ndi lathu,
anamva kulira, nakokera mpando.
Sanalosere kanthu.
Pemphero lawo linali lalifupi kuposa kutsokomola kwawo.
Kenako anafunsa namwino nthawi ya jakisoni
nauza Elube kuti, imwa mankhwala, mwana wanga,
nzeru za dokotala nazonso zili ndi Mwini wake.
Minibasi zitatha anagona pabenchi panja.

Musaganize kuti ndikutamanda zigamba.
Ndimamudziwa wina wa jekete long'ambika dala
kuti amayi amumvere chisoni,
anathawa ndi ndalama za malata a tchalitchi ku Mbayani.
Ndimadziwanso mbusa wa taye yonyezimira ku Nyambadwe
amene buku la zopereka amalisiya patebulo
kuti aliyense wodziwa kuwerenga awerenge.
Nsalu imanama.
Bodza limenelo ndimalidula ndekha pa mita.

Lufeyo, mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito,
anandifunsa akusita kolala: nanga tiwadziwa bwanji?
Ndinachotsa jekete pamsomali n'kulitembenuza.
Ona msoko wa mkati, kumene wogula sayang'anako.
Ukamufunsa funso amatutumula maso,
kapena amatsegula Buku kuti muwerenge limodzi?
Alipo mumpingomo amene angamudzudzule
n'kubweranso sabata yamawa osaopa temberero?
Pamaliro a munthu wopanda galimoto amafika nthawi yanji?
Ndipo ukamatuluka pakhomo pake,
dzina lotsala mkamwa mwako limakhala la yani?
Lufeyo anangoti mmm, makala akuzirala musimbi.

Elube ali moyo. Zala ziwiri zinatsala ku Kwinzi.
Lamulungu amatsimphina kukwera mtunda wa ku Bangwe.
Kalipinde ndimamuona pachikwangwani pa Chichiri
minibasi ikaima pamzere,
manja ali m'mwamba, suti yanga ija yoyera mbee
itakhala bwino m'mapewa.
Ndivomere, ndinaisoka bwino.
N'chimene chimandisowetsa tulo.

Dzulo watumiza mnyamata wa foni uja,
akufuna ina, yofiira, ndalama theka ili kale mu envulopu.
Lendi ndi Lachisanu.
Nsalu ndaiyala, choko ndalemba,
sizasi ili m'dzanja kuyambira m'mawa.
Sindinadule.